Anthu Angati M'bogi Imodzi? Mlandu wa Mawu pa Njanji ya Chegutu ndi Kadoma

Njanji yochokera ku Harare kupita ku Bulawayo imadutsa pa Chegutu, makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku likulu la Zimbabwe, ndipo ikapitirira makilomita ena oposa 30 imafika pa Kadoma. Njanjiyi inamalizidwa mu 1902, ndipo matauni awiriwa, amene mpaka 1982 ankatchedwa Hartley ndi Gatooma, anakulira m'mbali mwake. Mu 1983 chigawo chochokera ku Harare kukafika ku Dabuka, pafupi ndi Gweru, chinaikidwa mawaya amagetsi, kotero kuti anthu a pa Chegutu ndi Kadoma anaonapo sitima zoyenda popanda malasha kapena dizilo. Mawayawo anabedwa pang'onopang'ono, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 2000 sitima zamagetsi zinali zitaleka kuyenda.

Pakati pa anthu amene njanji imeneyi inawanyamula panali khamu la amuna ndi akazi ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Anabwera kudzakumba golide ku Cam and Motor pafupi ndi Kadoma ndi ku Dalny ku Chakari, kudzalima thonje ndi fodya m'mafamu a azungu, ndipo pambuyo pake ena analowa ntchito m'mafakitale a nsalu a David Whitehead. Ambiri sanabwererenso kwawo. Kumudzi anawatcha matchona, kuno anawatcha Mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre. Ana ndi zidzukulu zawo ali ku Pfupajena, ku Rimuka ndi m'makomboni a m'migodi, ndipo Chichewa chimamvekabe m'nyumba, pamaliro ndi pabwalo la gule wamkulu.

Mlandu umene nkhani ino ikuzenga ndi wakuti kwa zaka zoposa 120 anthu amenewa akhala akukwezedwa, kuwerengedwa ndi kupanikizidwa m'mabogi, koma mawu owerengera ndi opanikizira akhala a Chingerezi chokhachokha. Chiwerengero cha anthu oyenera kulowa m'bogi imodzi chimakhudza mpweya umene munthu apume, malo amene mayi aimitse mwana wake, ndiponso ngati anthu angathe kutuluka moto utabuka. Nkhani yotere ikamakambidwa m'chiyankhulo chimene wokwerayo sachigwiritsa ntchito potsutsa, ndiye kuti wachotsedwa pabwalo pamene mlandu wa thupi lake ukuweruzidwa. Ozengedwa mlanduwu si mainjiniya okha. Akatswiri a ziyankhulo za mu Africa, amene ndiwo amawerenga masamba ano, ali pabenchi lomwelo.

Zimene mawuwo amabisa

Amisiri okonza sitima zonyamula anthu opita ndi kuchokera kuntchito ali ndi mawu awo. "Seated capacity" ndi chiwerengero cha anthu okhala pamipando. "Standing capacity" ndi cha oimirira. Pamwamba pa zonsezi pali "crush load", chiwerengero cha anthu amene bogi ingasenze itadzaza mpaka pakhomo. Wogwira ntchito mumgodi wa Cam and Motor sakanavutika kumva liwu loyamba la dzina limeneli, pakuti ndi lomwe limatchula makina ophwanya miyala ya golide. M'buku la injiniya liwulo lilibe ululu uliwonse. Likatembenuzidwa m'Chichewa mosabisa kanthu, limati "katundu wa anthu ophwanyana", ndipo palibe nduna imene ingaime pamsonkhano ku Rimuka n'kulonjeza anthu bogi yotero.

Mawuwa amayendera limodzi ndi manambala. M'mapepala ogulira sitima ku North America, ndi m'mayiko ambiri amene anatengera kalembedwe kawo, muli zizindikiro zoyambira pa AW0. AW0 ndi bogi yopanda munthu. AW1 ndi bogi imene mipando yonse yadzaza. Pa AW2 kawirikawiri amawerengera anthu 4 oimirira pa sikweya mita imodzi, pa AW3 anthu 6, ndipo ena amawonjezera AW4 ya anthu 8 poyesa mphamvu ya zitsulo. Munthu aliyense amamuyesa wolemera pafupifupi makilogalamu 70. Ku Mumbai, kumene sitima za m'tauni zimadzaza koopsa, akuluakulu a njanji anachita kupeka dzina lina, "super dense crush load", lonena za anthu 14 mpaka 16 pa sikweya mita imodzi.

Manambala amenewa ayenera kutsitsidwa pansi kuti aoneke. Sikweya mita ndi malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ocheperapo pa mphasa yogonera munthu mmodzi. Anthu 4 akagawana malowo, aliyense apeza masentimita 50 uku ndi 50 uku. Akakhala 8, aliyense atsala ndi masentimita pafupifupi 35 mbali iliyonse. Akakhala 16, gawo la munthu mmodzi lifanana ndendende ndi pepala limodzi la A4, pepala lomwe ophunzira amalembapo mayeso. Wophunzira aliyense wa pa yunivesite angathe kuika pepala lotero pansi n'kuyesa kuimapo ndi mapazi onse awiri. Akatero adzamva zimene zilembo ziwiri ndi nambala zimakana kunena.

Kapangidwe ka bogi nakonso kali ndi mawu ake ooneka ngati osalakwa. "Longitudinal seating" ndi mipando yotsamira khoma, imene anthu amakhala moyang'anizana, pakati n'kusiya bwalo. "Transverse seating" ndi mipando yopingasa ngati ya m'basi. Kusankha yoyambayo ndi kusankha kuti anthu ochepa akhale ndipo ambiri aimirire. "Dwell time" ndi nthawi imene sitima imaima pa siteshoni, ndipo pofuna kuifupikitsa amisiri amakulitsa ndi kuchulukitsa zitseko, zimene zimadyanso malo a mipando. "Standee" ndi munthu woimirira, koma liwulo limamusandutsa mtundu wa katundu. Pa ulendo wa mphindi khumi m'kati mwa mzinda kuimirira n'kopiririka. Pa ulendo wochokera ku Chegutu kupita ku Harare, nkhalamba yoimirira makilomita 110 ikulandira chilango. Chosankha chimenechi n'cha ndale, ngakhale chimalembedwa ngati cha masamu.

Nanga munthu wa makilogalamu 70 uja ndani? Liwu lakuti "commuter" linabadwira ku America m'zaka za m'ma 1800, pamene makampani a njanji ankagulitsa matikiti otsika mtengo kwa anthu oyenda tsiku ndi tsiku pakati pa nyumba ndi ofesi. Munthu amene liwuli limamuona m'maganizo ndi kalaliki wonyamula nyuzipepala ndi kachikwama. Wokwera wa pa Chegutu nthawi zambiri ndi mayi wobereka mwana kumbuyo, wasenza dengu la tomato, ndipo pambali pake pali thumba la chimanga la makilogalamu 50. Muyeso wobwereka sumuona mayi ameneyu. Ukabwerekedwa pamodzi ndi chiyankhulo chake, palibenso wofunsa kuti thumba lija likhala pati.

Chinyanja pokopa, Chingerezi powerenga

Wina asaganize kuti olemba anthu ntchito m'nthawi ya atsamunda sankadziwa mphamvu ya Chinyanja. Ankaidziwa bwino lomwe, ndipo ankaigwiritsa ntchito pamene inawakomera. M'zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayambitsa magalimoto onyamula anthu ofuna ntchito ochokera kumpoto osalipira, ndipo ntchitoyo inadziwika ndi dzina lakuti Ulere. Bungwe lolemba anthu ntchito limene linakhazikitsidwa mu 1946 linadziwika ku Nyasaland kuti Mthandizi. Awa ndi mawu okoma, onena za mphatso ndi chifundo. Koma munthu akangofika pa siteshoni, chiyankhulo chinkasintha. Pa Rhodesia Railways panali makalasi anayi, ndipo bogi ya "fourth class", ya mabenchi ouma, inali ya anthu akuda osauka. Chinyanja chinali nyambo, Chingerezi chinali sikelo.

Anthuwo sanakhale chete. Ntchito yokakamiza ya m'migodi anaitcha chibaro, dzina limene wolemba mbiri Charles van Onselen anaika pa buku lake la 1976 lonena za migodi ya ku Southern Rhodesia. Bogi ya anthu wamba inatchedwa mbombela m'madera ambiri a kumwera kwa Africa. M'buku lina, The Night Trains la 2019, van Onselen yemweyo anafotokoza za sitima zausiku zimene zinkanyamula anthu a ku Mozambique pakati pa Ressano Garcia ndi Johannesburg, zotsekedwa ndi zodzaza, mmene anthu ankayendetsedwa monga katundu, ndipo odwala ndi olumala ankabwezedwa kwawo mumdima kuti azungu asawaone. Phunziro la mbiri imeneyi n'losavuta: pamene munthu walembedwa m'kaundula ndi liwu la katundu, amayendetsedwa ngati katundu.

Mu Okutobala 1945 antchito akuda a Rhodesia Railways ananyanyala ntchito, kuyambira ku Bulawayo mpaka kukafika m'masiteshoni a ku Northern Rhodesia, ndipo ambiri a iwo anali obwera kuchokera kumpoto kwa Zambezi. Anthu amenewa ndiwo ankayala njanji, kuthira malasha, kulumikiza mabogi, kupaka mafuta ndi kutsuka mipando. Ankadziwa chitsulo chilichonse cha pansi pa bogi ndipo ankachitchula pakati pawo m'Chinyanja, m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chilapalapa cha pantchito. Amene amanena kuti Chichewa sichinakumanepo ndi luso la njanji akunyoza manja a anthu amenewa.

Ufulu utabwera mu 1980, kampaniyo inakhala National Railways of Zimbabwe ndipo "fourth class" inaloweredwa m'malo ndi "economy". Dzina linafewa, koma chiyankhulo cha malamulo, cha mapepala ogulira zipangizo ndi cha maphunziro a amisiri chinakhalabe chomwecho. Mu 2001, mitengo ya makombi itakwera, boma linayambitsa sitima zonyamula antchito ku Harare ndi ku Bulawayo, ndipo anthu anazitcha "Freedom Train". Zinali zotsika mtengo, zinathandiza mabanja ambiri, ndipo zinkadzaza mpaka anthu kulendewera pazitseko. Chaka chomwecho lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo ana ambiri a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, obadwira m'makomboni a ku Chegutu ndi Kadoma, anapezeka kuti ndi alendo m'dziko lobadwira. Sitima ya ufulu inanyamula anthu amene chitupa chawo chinali ndi liwu lakuti "alien". Mu 2020 matenda a Covid-19 anaimitsa sitima za anthu za maulendo ataliatali. Mu 2021 sitima za antchito zinabwereranso ku Harare mogwirizana ndi kampani ya mabasi ya ZUPCO, ndipo mu 2022 zinaimanso. Nthawi zonsezi nkhani ya kudzaza inakambidwa m'manyuzipepala ngati vuto la khalidwe la okwera, m'malo mokambidwa ngati nambala imene wina anaisankha kapena anakana kuisankha.

Chiyankhulo sichinalephere

Bodza lofala m'makalasi ndi lakuti Chichewa chilibe mawu a zinthu zotere. Umboni uli pakamwa pa anthu. Liwu lakuti sitima linachokera ku dzina la Chingerezi la zombo zoyendera nthunzi, zimene zinayamba kuoneka pa Nyanja ya Malawi mu 1875. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, anthu sanadikire komiti. Anasiyanitsa sitima yapamadzi ndi sitima yapamtunda, ndipo nkhani inatha. Liwu lakuti bogi m'Chingerezi cha amisiri limatchula chitsulo cha magudumu chimene chili pansi pa ngolo, koma Achewa analikweza n'kulipatsa ngolo yonse, monganso anachitira anthu a ku India. Siteshoni, tikiti, injini, kondakitala, zonsezi zinalowa m'chiyankhulo ndipo zimamvera malamulo ake. Ku Lusaka, sitima imene inkanyamula anthu pakati pa Chilenje ndi George m'zaka za m'ma 1990 inkatchedwa Njanji Commuter, dzina limene theka lake ndi Chinyanja, theka linalo likudikirabe womasulira.

Chingerezi chenichenicho sichinabadwe ndi mawu a njanji. "Coach" ndi dzina la ngolo yokokedwa ndi akavalo, lochokera ku mudzi wa Kocs ku Hungary. "Carriage" ndi "wagon" nawonso ndi mawu a ngolo za akavalo. "Train" linachokera ku liwu la Chifalansa lonena za kukoka chinthu. Angerezi anatola mawu a m'khola ndi a pamsewu n'kuwapatsa ntchito yatsopano. Mchewa akanena kuti ngolo za sitima akuchita zomwezo, ndipo palibe chifukwa choti achite nazo manyazi.

Pa nkhani ya kudzaza, Chichewa n'cholemera kuposa mabuku a amisiri. Anthu amakwana, amadzaza, amathinana, amapanikizana, amathithikana, amafinyana, amasanjikizana, amasefukira. Liwu lililonse lili ndi muyeso wake umene thupi limaudziwa. Chimene chikusowa ndi kugwirizana kuti kuthinana ndi anthu angati pa sikweya mita ndipo kufinyana ndi angati, kenaka n'kuzilemba. Anthu a ku Zimbabwe nawonso asonyeza luso lomweli. M'kombi muli kamalo kotentha kumbuyo kwa mipando yakutsogolo, pafupi ndi injini, pamene kondakitala amakhazikapo munthu wowonjezera moyang'ana kumbuyo. Wopanga galimotoyo sanakapatse dzina chifukwa sanakapange kuti kakhale mpando. Okwera anakatcha pakadoma. Tauni yomwe ili pa njanji imeneyi inabwereketsa dzina lake ku malo a munthu amene sali m'chiwerengero.

Chitsanzo champhamvu kwambiri chili ku Malawi. Lamulo lakuti pa mzere wa mipando ya minibasi pazikhala anthu atatu limaphwanyidwa kawirikawiri, komabe wokwera aliyense amalidziwa, chifukwa limanenedwa ndi mawu awiri okha: atatuatatu kapena anayianayi. Mayi wogulitsa mandasi angathe kukangana ndi kondakitala, kukana kusendera, ngakhale kutsika, chifukwa muyeso uli m'chiyankhulo chake. Mayi yemweyo akakwera sitima yochokera ku Limbe kupita ku Balaka ndi Nayuchi alibe liwu lofanana nalo loti amenyere nalo nkhondo. Muyeso umene munthu angathe kuutchula ndi umene angathe kuuteteza.

Mlandu wa ophunzira

Zipangizo zogwirira ntchitoyi zilipo kale. Ku Zomba, Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Ku Harare, gulu lotsogozedwa ndi Herbert Chimhundu linatulutsa Duramazwi reChiShona mu 1996 ndi Duramazwi Guru reChiShona mu 2001, ndipo pambuyo pake African Languages Research Institute inatulutsa mabuku a mawu a zachipatala ndi a zoimbaimba m'Chishona. Izi zinatsimikiza kuti mawu a luso lapadera angathe kusonkhanitsidwa ndi kulongosoledwa m'chiyankhulo cha mu Africa. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013, m'gawo 6, anaika Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo amalamula boma ndi nthambi zake kuti ziziganizira chiyankhulo chimene anthu okhudzidwa ndi uthenga wa boma amakonda. Malamulo omwewo anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC.

Mbiri ya anthuwa nayonso yalembedwa. Anusa Daimon ndi Zoë Groves, mwa ena, afufuza mozama za moyo wa Amalawi ku Zimbabwe. Koma ntchito zimenezi n'za olemba mbiri ndipo zili m'Chingerezi. Akatswiri a Chichewa eni ake akafika pa Chegutu amathamangira kudambwe. Amajambula zilombo, amalemba nyimbo za maliro, amawerenga miyambi imene yatsala ndi imene yatayika, kenaka amabwerera ndi pepala lonena za chiyankhulo chimene chikufa. Nkhalamba imene anaifunsa za gule mwina inagwira ntchito zaka makumi atatu pa njanji, koma funso la mmene ankatchulira cholumikizira mabogi kapena mabuleki silifunsidwa. Mwa njira imeneyi ophunzira akuthandiza kugawa ntchito monga momwe atsamunda anagawira: Chichewa chisunge mizimu, Chingerezi chisunge manambala. Chiyankhulo chimene chimaitanidwa pamaliro pokha chimazolowera kumanda.

Pali gulu lina limene limalakwa mbali inayo. Awa ndi opeka mawu, amene amakhala muofesi n'kusula dzina lalitali la Chichewa chenicheni m'malo mwa bogi kapena siteshoni, mawu amene anthu anawalandira kalekale. Mndandanda wotere umafera m'kabati. Ntchito yofunika si kuyeretsa chiyankhulo. Ndi kupatsa wokwera sitima mawu oti afunsire funso ndi kumva yankho. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Anthu a pa Chegutu atumiza ena kukawamvera kwa nthawi yaitali.

Zotsutsa zitatu

Chotsutsa choyamba n'chakuti luso la njanji n'la dziko lonse lapansi, ndipo injiniya wa ku Bulawayo ayenera kumvana ndi wopanga mabogi wa ku China kapena ku South Africa. Zimenezi n'zoona, ndipo palibe akupempha kuti mapepala a pakati pa amisiri aleke kulembedwa m'Chingerezi. Koma dziko la Japan, limene palibe angalinene kuti n'lotsalira pa za njanji, limafotokozera anthu ake kudzaza kwa sitima m'Chijapani ndiponso m'mawu a thupi. Pa 100 peresenti aliyense akhoza kukhala pampando kapena kugwira chogwirira. Pa 180 peresenti munthu angawerenge nyuzipepala ataipinda. Pa 200 peresenti matupi amapanikizana koma magazini yaing'ono imawerengeka. Pa 250 peresenti sitima ikagwedezeka thupi limapendekeka ndipo ngakhale dzanja silisuntha. Chifukwa chakuti muyeso unanenedwa chotere, anthu wamba ndi manyuzipepala amatha kufunsa chaka ndi chaka ngati njanji yakuti yatsika kapena yakwera. Chichewa chingathe kuchita chimodzimodzi ndi zinthu zake: pa muyeso wakuti mayi angathe kutsitsa mwana n'kumuyamwitsa, pa wakuti angathe kungomusunthira kutsogolo, pa wakuti sangathe n'komwe kumasula nsalu.

Chotsutsa chachiwiri n'chakuti n'kutaya nthawi kukangana za mawu pamene sitima zenizenizo zakhala zikuima ndi kuyambanso. Yankho ndi lakuti mawu amafunika sitima isanagulidwe. Maganizo omanga njanji ya Harare ndi Chitungwiza akhala akubwerezedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Njanji ya Mchinji ndi Chipata inatsegulidwa mu 2010. Njanji ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala inadutsa m'Malawi m'zaka za m'ma 2010. Pa ntchito iliyonse yotere pamafika tsiku limene wina amalemba papepala chiwerengero cha mipando ndi cha oimirira. Bogi imakhala zaka makumi atatu kapena kuposerapo. Amene sanayankhule tsiku limenelo adzaimirira pamodzi ndi ana ake. Ngozi ya pa Dete ya mu Febuluwale 2003, pamene sitima ya anthu inawombana ndi ya katundu n'kuyaka moto ndipo anthu pafupifupi 50 anafa, ikukumbutsa kuti chiwerengero cha anthu m'bogi, kukula kwa zitseko ndi malo otulukira pangozi si nkhani za m'kalasi.

Chotsutsa chachitatu n'cholemera kuposa zinazo. Chegutu ndi Kadoma ali m'dera la Chishona, ndipo zidzukulu zambiri za matchona zimayankhula Chishona bwino kuposa Chichewa. Bwanji osangomenyera Chishona? Pempho la nkhani ino n'la Chishona ndi Chindebele chimodzimodzi, ndipo chikwangwani cha pa siteshoni ya Chegutu chiyenera kuyamba ndi Chishona. Koma Chichewa chili ndi chifukwa chake chapadera. Chimayankhulidwa m'mbali mwa njanji za mayiko anayi, onse ogwiritsa ntchito njanji ya muyeso umodzi wa mamilimita 1,067. Mawu ogwirizanidwa kamodzi angatumikire wokwera wa pa Kadoma, wa ku Lusaka, wa ku Balaka ndi wa ku Moatize. Ndiponso anthu amene anauzidwa mu 2001 kuti si a m'dzikomo ali ndi chifukwa chofunira kuona chiyankhulo chawo pachitseko cha bogi ya boma, pa njanji imene agogo awo anaisamalira.

Ntchito yoti igwiridwe

Ntchitoyi ili ndi magawo atatu, ndipo palibe gawo lofuna chuma chambiri. Loyamba ndi kusonkhanitsa. Ophunzira a ziyankhulo a ku Zomba, ku Lusaka, ku Harare ndi ku Gweru apite kwa anthu opuma pa ntchito ya njanji ndi ya m'migodi ku Pfupajena, ku Rimuka, ku Eiffel Flats ndi ku Chakari, atanyamula zithunzi za bogi, mkati ndi pansi pomwe, n'kufunsa dzina la chinthu chilichonse. Afunsenso amayi a geni amene ankakwera sitima yausiku za mmene ankatchulira malo osiyanasiyana a m'bogi ndi kudzaza kwake. Ntchitoyi n'jachangu, pakuti eni mawuwo akukalamba.

Lachiwiri ndi kugwirizana. Akatswiri a chiyankhulo akhale pansi ndi mainjiniya a njanji oyankhula Chichewa, amene alipo m'mayiko onsewa, n'kutulutsa kabuku ka mawu ochepa ofunika kwambiri: okhala, oimirira, malire a chitetezo, nthawi yoima pa siteshoni, mpata wa pakati pa sitima ziwiri, khomo lothawira. Pamene anthu ali kale ndi liwu lobwereka, lisungidwe. Pamene liwu la Chingerezi likubisa chinthu, limasuliridwe mosabisa, ngakhale kumasulirako kuchititse manyazi amene analilemba.

Lachitatu ndi kukakamiza. Pakhomo la bogi iliyonse yonyamula anthu palembedwe manambala awiri, la okhala ndi la oimirira, m'ziyankhulo za anthu a m'njira imeneyo. Pamene boma kapena kampani ikufuna kugula mabogi atsopano, chiwerengero cha anthu pa sikweya mita chimene chasankhidwa chilengezedwe pa wailesi m'ziyankhulo zomwezo mgwirizano usanasainidwe. Ku Zimbabwe gawo 6 la malamulo aakulu likupereka kale maziko a pempho limeneli. Chotsala ndi anthu oti alipereke, ndipo anthu odziwa bwino kulemba pempho lotere ndi omwe amaphunzitsa ziyankhulo m'mayunivesite.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Madipatimenti a ziyankhulo za mu Africa atha zaka zambiri akutsimikizira dziko kuti ziyankhulozi n'zokongola, ndipo dziko lavomera mosavuta chifukwa kuvomerako sikulipiritsa aliyense. Kuyesedwa kwenikweni kudzabwera pamene mayi wa pa siteshoni ya Chegutu adzawerenga pachitseko kuti bogi iyi ndi ya okhala akutiakuti ndi oimirira akutiakuti, n'kuyang'ana m'kati, n'kuuza kondakitala m'chiyankhulo chake kuti nambala yakwana. Ophunzira amene akufuna mutu wa kafukufuku ayambire pa funso la mayi ameneyu.